Mphoto ya dayirekita wabwino: amavota ndani, ndipo amaona chiyani mu filimu?

Lowani m'kanyumba ka vidiyo pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, mufunse anyamata amene akhala pa mabenchi kuti filimu akuonerayo ndi ya ndani. Akutchulirani wosewera wamkulu, amene akugwetsa anthu khumi ali yekha. Ena atchula DJ amene anaimasulira m'Chichewa. Dzina la amene anaitsogolera limadutsa pa sikirini anthu akulipirabe pakhomo, kapena kumapeto aliyense atanyamuka kale. Komatu kumene mafilimuwa amachokera, munthu ameneyu ali ndi mphoto zakezake chaka chilichonse, ndipo mphotozi zimatha kumutsegulira khomo la ndalama za filimu yotsatira kapena kumusiya panja.

Mphotozi sizifanana. Pali ina imene amapereka ndi anzake a ntchito, ina imachokera kwa oweruza ochepa amene akhala pansi limodzi, ndipo pa miyambo ina oonera nawonso amavota. Musanakhulupirire mawu akuti "dayirekita wabwino koposa", funsani kaye kuti anaponya voti ndi ndani.

Tiyambe ndi ntchito imene. Anthu ambiri amaganiza kuti dayirekita ndi kapitawo wa pa filimu, woyang'anira kuti aliyense wafika ndipo ntchito ikuyenda. Ayi. Ukapitawo ndi ntchito ya wachiwiri wake, amene amasunga nthawi, kuitana osewera ndi kukhalitsa anthu chete. Ndalama ndi makontirakiti ndi za pulodyusa. Kamera ndi kuwala zili ndi mwini wake. Dayirekita ntchito yake ndi kusankha, ndipo amasankha kambirimbiri pa tsiku.

Taganizani kachigawo kamodzi. Mayi akuthyola tiyi m'munda ku Thyolo, dengu lili kumsana, ndiye mwana wabwera akuthamanga ndi uthenga wa maliro. Pa pepala ndi mizere inayi basi. Koma kamera iima pati? Ikaima patali, tiona mayi ali kadontho pakati pa munda wobiriwira, anzake akupitiriza kuthyola, ndipo oonera amva kuti dziko silinaime chifukwa cha chisoni chake. Ikayandikira, tiona nkhope yokha. Mwina dayirekita asankha kuti tisaone nkhope n'komwe, tione manja atasiya kuthyola, masamba akugwa m'zala. Mawu a mwanayo timve kapena aphimbidwe ndi mphepo? Mayi alire pompo, kapena ayambe watula dengu bwinobwino ngati palibe chachitika, kenako miyendo imukanike? Pali njira zoposa khumi, zonse zotheka, ndipo sikiripiti sinena kuti yoyenera ndi iti. Oweruza odziwa ntchito amayang'ana pamenepa: ngati zosankhazo zikukokera mbali imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kapena shoti iliyonse, kutanthauza kachidutswa kamene kamera yajambula osaima, ikuyenda payokha ngati mbuzi zopanda mbusa.

Palinso zolakwa zimene wodziwa amaziona m'mphindi zisanu zoyamba. Anthu awiri akamayankhulana, pamakhala mzere wosaoneka pakati pawo, ndipo kamera iyenera kukhala mbali imodzi ya mzerewo. Mukaudumpha popanda chifukwa, pa sikirini onse awiri amayang'ana mbali imodzi, ngati akuyankhula ndi munthu wachitatu amene kulibe. China ndi nyengo. Ku Mulanje m'miyezi ya chiperoni mutha kuyamba kujambula phiri likuoneka bwino mpaka nsonga ya Chambe, pakutha pa ola limodzi nkhungu yatsika, phiri lasowa. Mukalumikiza mashoti awiriwo, munthu akufunsa funso kuli dzuwa, mnzake akuyankha kuli mvula yamawawa. Dayirekita wokonzeka amayamba ndi shoti yotambalala kuwala kusanasinthe, n'kusiya zapafupi zimene angathe kuzibisa, ndipo amakhala ndi kachigawo ka m'nyumba kodikirira tsiku loti kunja kwakana. Amawerengeranso masiku. Tsamba limodzi la sikiripiti limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, choncho masamba 90 pa masiku 18 ndi masamba 5 pa tsiku. Mukataya m'mawa wonse podikira nkhungu, masamba aja amawunjikana, ndipo zigawo zomaliza zimajambulidwa mothamanga. Mafilimu athu ambiri amayamba bwino n'kufooka kumapeto pa chifukwa chimenechi.

Tsopano tione mphoto zimene. Yodziwika kwambiri ndi ya Oscar, imene inayamba kuperekedwa pa 16 May 1929 ku Hollywood. Chaka choyambacho mphoto za madayirekita zinali ziwiri: Frank Borzage analandira ya filimu ya nkhani yolemera, Lewis Milestone ya nthabwala. Pambuyo pake anaziphatikiza kukhala imodzi. John Ford anailandira kanayi, ndipo palibe wamupitirira. Kavotedwe kake kali ndi magawo awiri, ndipo ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mayina asanu opikisana amasankhidwa ndi nthambi ya madayirekita okha, anthu mazana angapo. Koma wopambana amasankhidwa ndi mamembala onse ovota, pafupifupi 10,000, ndipo nthambi yaikulu mwa iwo ndi ya osewera. Ndiye kuti kulowa m'gulu la asanu ndi chiweruzo cha akatswiri anzako, pomwe kupambana kumadaliranso kuti filimu yako yakondedwa bwanji ndi anthu a ntchito zina. Dziwaninso kuti mwambo wa chaka chino umaweruza mafilimu a chaka chatha, n'chifukwa chake filimu imodzi mumaiona italembedwa zaka ziwiri zosiyana.

Mphoto ya filimu yabwino koposa ndi ina, ndipo imapita kwa mapulodyusa. Mu 2014 filimu ya Steve McQueen, 12 Years a Slave, ndiyo inapambana, iye n'kukwera pa nsanja ngati mmodzi wa mapulodyusa, koma ya udayirekita inapita kwa Alfonso Cuarón. Pofika 2025 panalibe munthu wakuda amene analandirapo Oscar ya dayirekita, ngakhale kuti John Singleton analowa m'gulu la asanu kale mu 1992 ali ndi zaka 24. Amayi nawo anadikira mpaka 2010 pamene Kathryn Bigelow anapambana, kenako Chloé Zhao mu 2021 ndi Jane Campion mu 2022. Zimenezi ndi zopweteka, ndipo zikuonetsa kuti mphoto imaulula zambiri za amene akupatsidwa ndalama zopangira mafilimu akuluakulu, osati luso lokha.

Mphoto imene madayirekita eni ake amaiwerengera kwambiri ndi ya bungwe lawo la ogwira ntchito, Directors Guild of America, mwachidule DGA. Bungweli linayamba mu 1936, mtsogoleri woyamba anali King Vidor, ndipo mu 1960 linaphatikizana ndi la madayirekita a wailesi ndi wailesi ya kanema. Mphoto zake zinayamba ndi mafilimu a 1948, woyamba kulandira ya pachaka anali Joseph L. Mankiewicz. Lero mamembala ake ndi oposa 19,000, ndipo si madayirekita a mafilimu akuluakulu okha. Muli a pa TV, a zotsatsa malonda, achiwiri a dayirekita ndi mamanijala a pamalo ojambulira. Amenewa amadziwa tanthauzo lojambula usiku wonse ndi gulu la anthu 300. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene mphoto zathu kuno zikanatengera: dayirekita akapambana, gulu lake limatchulidwa naye limodzi, manijala ndi achiwiri ake onse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bungweli linalemba zimenezi m'malamulo a mphoto yake.

Mwambo wa DGA umachitika masabata ochepa Oscar isanafike, choncho anthu amauyang'ana ngati mtambo wolosera mvula. Kuyambira ndi mafilimu a 1950 mpaka 2025, wopambana DGA analephera kutenga Oscar kasanu ndi katatu kokha. Katatu mwa maulendo amenewa wopambanayo sanalowe n'komwe m'gulu la asanu la Oscar: Steven Spielberg ndi filimu yake ya 1985, Ron Howard ndi ya 1995, ndi Ben Affleck ndi ya 2012. Mu 2020 Sam Mendes anatenga DGA, koma Oscar inapita kwa Bong Joon-ho wa ku South Korea. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. DGA ndi gulu lalikulu la ogwira ntchito ambiri a ku America, pomwe nthambi ya madayirekita ya Oscar ndi yaing'ono, ndipo m'zaka zaposachedwa bungwe la Oscar lalowetsa mamembala ambiri a m'maiko ena. Ovota akasintha, zokonda zimasinthanso.

Bungwe lomweli ndi limene limateteza dzina la dayirekita, ndipo popanda chitetezo chimenecho mphoto ikanakhala yopanda tanthauzo. Lamulo lake ndi loti filimu ikhale ndi dayirekita mmodzi, kupatula anthu awiri amene amadziwika kuti amagwira ntchito limodzi nthawi zonse. Pa filimu yaikulu dayirekita amapatsidwa masabata 10 oti alumikize filimuyo mmene akufunira eni ndalama asanalowererepo. Kuyambira 1969, kwa zaka pafupifupi 30, dayirekita amene filimu yake yaonongedwa ndi eni ndalama ankaloledwa kuchotsa dzina lake n'kuikapo dzina lopeka la Alan Smithee. Kuno kwathu, kumene munthu mmodzi amakhala wolemba, dayirekita, pulodyusa ndi wosewera wamkulu, vutoli limabwera mwanjira ina. Wina amene anangopereka galimoto kapena ndalama ya chakudya amafuna kuti alembedwe ngati dayirekita mnzake. Musalole. Mulembeni ngati pulodyusa, ndipo mugwirizane pa pepala kamera isanayake.

Pa TV nkhani imasiyana pang'ono. Sewero la magawo ambiri limakhala ndi madayirekita angapo, ndipo mphamvu zambiri zimakhala ndi mlembi wamkulu amene akuyendetsa sewero lonse. Choncho DGA komanso Emmy, mphoto za TV za ku America, zimaweruza gawo limodzi, osati sewero lonse. Dayirekita amasankha gawo limene akuona kuti dzanja lake likuonekera, n'kulipereka. Amene anatsogolera gawo loyamba amakhala ndi mwayi chifukwa ndiye anakhazikitsa maonekedwe a sewerolo, enawo amalowa m'nyumba yomanga kale. Magawo a nkhondo, a ukwati kapena a imfa ya munthu wamkulu m'sewero ndi amene amaperekedwa kawirikawiri, ndipo apa mphoto zimalakwira madayirekita amene luso lawo lili pa anthu awiri akucheza pa khonde. DGA ili ndi mphoto zosiyana za masewero olemera, a nthabwala, a magawo ochepa, mafilimu a zochitika zenizeni ndi zotsatsa malonda, ndipo kuyambira ndi mafilimu a 2015 inawonjezera ya munthu amene watsogolera filimu yaitali koyamba.

Zikondwerero za mafilimu zili ndi njira yawo. Ku Cannes, m'dziko la France, m'mwezi wa May, oweruza osafika 10 amaonera mafilimu onse opikisana n'kukhala pansi kukangana mpaka agwirizane. Gulu laling'ono chonchi limatha kulimba mtima n'kusankha filimu yachilendo imene anthu 10,000 sakanaisankha, komanso limatha kutengeka ndi munthu mmodzi wa mawu amphamvu. Kumeneku ndi kumene Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, analandira mphoto ya udayirekita mu 2024 m'gawo la Un Certain Regard, mogawana ndi Roberto Minervini. Filimu yoyamba ya Nyoni, mmene mumamveka Chinyanja, inali itamupatsa kale mphoto ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Kwa ife oyankhula Chichewa, ameneyu ndi mnansi wa kuseri kwa mpanda.

Mu Africa muno mphoto yakale yolemekezeka ndi ya FESPACO ku Ouagadougou, likulu la Burkina Faso, chikondwerero chimene chinayamba mu 1969. Chimachitika pa zaka ziwiri zilizonse, osati chaka ndi chaka, ndipo mphoto yake yaikulu, Étalon de Yennenga, inayamba mu 1972 ndi Oumarou Ganda wa ku Niger. Souleymane Cissé wa ku Mali anailandira kawiri, mu 1979 ndi 1983. Za pachaka zimene Amalawi amazidziwa bwino ndi ziwiri za ku Nigeria. Africa Movie Academy Awards, AMAA, inayambitsidwa ndi Peace Anyiam-Osigwe mu 2005, ndipo imaweruzidwa ndi akatswiri. Africa Magic Viewers' Choice Awards, AMVCA, ya kampani ya MultiChoice, inayamba mu 2013. Dzina lake limanena za oonera, koma magawo ena okha ndi amene oonera amavota, ya dayirekita imasankhidwa ndi oweruza. Zili bwino choncho. Pa voti ya oonera, dziko la anthu oposa 200 miliyoni ngati Nigeria limamiza dziko ngati lathu filimu isanaonedwe n'komwe.

Amalawi afikako. Mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira AMAA ya wosewera wothandizira mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Ku AMVCA, mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa inabwera ku Malawi mu 2016 ndi Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, ndipo inabweranso mu 2018 ndi The Road to Sunrise ya Joyah. Filimu yomweyi ndi imene Malawi inatumiza koyamba ku Oscar mu 2018 m'gawo la mafilimu a m'maiko ena, kenako mu 2021 inatumiza Fatsani ya Gift Sukez Sukali. Apa pamafunika kusamala ndi mawu. Kutumizidwa ndi dziko lako si kusankhidwa ndi Oscar. Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi kudzera m'komiti yake, pa mafilimu a maiko oposa 80 amasefa atsale 15, kenako 5. Asanuwo ndi amene amatchedwa osankhidwa. Kutumizidwa ndi ulemu ndithu, koma tiziutchula ndi dzina lake lenileni.

M'gawo limeneli chiyankhulo chathu ndi chuma. Lamulo limafuna kuti mawu opitirira theka asakhale a Chingerezi. Mu 2019 filimu ya Genevieve Nnaji, Lionheart, imene Nigeria inatumiza, inachotsedwa chifukwa zoyankhula zambiri zinali za Chingerezi. Chaka chomwecho Britain inatumiza The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba yojambulidwa ku Kasungu, ndipo inaloledwa chifukwa cha Chichewa chimene chili m'menemo. Wachinyamata wa ku Limbuli amene akuumiriza osewera ake kuyankhula Chingerezi poganiza kuti ndiye filimu ipita kutali akudzitsekera khomo, komanso akuononga kasewero, chifukwa munthu amene akulimbana ndi chiyankhulo sangaike mtima pa zimene akunenazo. Gogo wa ku Chonde akamakalipira mdzukulu m'Chilhomwe, nkhope, manja ndi mawu zimayendera limodzi. Kamera imaona zimenezo.

Nanga chimalepheretsa filimu ya ku Mulanje kapena Thyolo kufika pa tebulo la oweruza n'chiyani? Kawirikawiri si kamera. Choyamba ndi mawu. Osefa mafilimu amaonera mazanamazana, ndipo amapirira chithunzi chofooka kuposa mawu osamveka. Mayikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse: chigayo cha pa msika, njinga yamoto ya kabaza, tambala wa kwa aneba, mvula pa denga la malata. Mayikolofoni iyenera kukhala pafupi ndi pakamwa pa wosewera, theka la mita kapena kupitirirako pang'ono, pa ndodo pamwamba pa mutu kapena yobisika m'malaya, ndipo wina azimvetsera ndi mahedifoni nthawi yonse. Pa malo alionse, mukamaliza, aliyense akhale chete mujambule phokoso la malowo kwa masekondi 30 mpaka 60. Edita, wolumikiza filimu, amaligwiritsa ntchito kutseka mipata. Popanda ilo, mawu amadukaduka pa shoti iliyonse, ndipo khutu limamva msoko ngakhale diso lisauone. Ngati nyumba ndi ya malata ndipo ndi nthawi ya dzinja, konzani zigawo za m'nyumba m'mawa mvula isanayambe, kapena pezani ya udzu.

Chachiwiri ndi mapepala. Nyimbo iliyonse imene ikumveka mu filimu, ngakhale ikuchokera pa wailesi ya mu shopu kumbuyo, ili ndi mwini wake, ndipo pamafunika chilolezo cholembedwa cha amene anaipeka komanso cha mwini wa chojambulidwacho. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina kuno ku Malawi, ndi kumene mungayambire kufunsa. Wosewera aliyense asaine kuti walola, ndipo mwana amusainire kholo. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, m'nkhalango ya phiri muli oyang'anira, ndipo m'mudzi simuimika kamera musanaonekere kwa amfumu. Ngati mukujambula gule ngati tchopa, gwirizanani ndi ovina ndi oimba ng'oma za malipiro ndi za kumene filimuyo ikaonetsedwe. Mukatumiza filimu ku mpikisano mumasaina kuti zonsezi muli nazo, ndipo zikapezeka kuti mulibe, filimu imachotsedwa ngakhale itasankhidwa kale.

Chachitatu ndi kuthamangira kuionetsa. Zikondwerero zikuluzikulu zimafuna filimu imene sinaonetsedwepo poyera, ndipo gawo la Oscar la maiko ena limafuna kuti filimu ionetsedwe m'nyumba ya kanema masiku 7 otsatizana, anthu akulipira pakhomo, isanapite pa TV kapena pa intaneti. Mukaiika pa YouTube tsiku limene mwamaliza, kapena ikathawira m'mamemori kadi a pa msika, makomo ambiri atsekeka. Lembani mndandanda wa kumene mukufuna kutumiza musanamalize kulumikiza, muone masiku otsekera ndi miyezi imene filimu iyenera kukhala itatuluka. Zikondwerero zambiri zimalandira kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, ndipo ndalama yolowera imakwera tsiku lotsekera likamayandikira. Zina zimachotsa ndalamayi mukalemba kalata yopempha mwaulemu.

Mawu olembedwa m'munsi, omasulira zoyankhula, ndi pamene mafilimu abwino ambiri amagwera. Woweruza wa ku Lagos kapena ku Ouagadougou samva Chichewa, choncho zimene akuwerengazo ndiye filimu yanu. Mizere isapitirire iwiri pa nthawi imodzi, mzere uliwonse usapitirire zilembo pafupifupi 42, ndipo ikhale pa sikirini nthawi yokwanira kuwerenga. Omasulira akhale wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri, osati msuweni amene anangokhoza Chingerezi pa Fomu 4. Mwambi ukamasuliridwa liwu ndi liwu umasanduka zopanda mutu, ndipo ulemu wa "inu" ndi chipongwe cha "iwe" zimasowa m'Chingerezi ngati womasulira sanazipezere njira ina. Mkamwini akanena "iwe" kwa apongozi ake, oonera a pa Chitakale amagwira pakamwa, koma woweruza wakunja sadziwa kuti pagwa bomba pokhapokha dayirekita atamuonetsa pa nkhope za amene ali pamenepo. Sungani mawu omasulirawo pa fayilo yakeyake ya SRT, ndipo mukhale ndi kope ya filimu yopanda mawu owotcheredwa pa chithunzi, chifukwa ku Ouagadougou adzafuna a Chifalansa.